Papa wa Nyanga Patebulo la Kukhitchini

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino. Ine m'thupi mulibe vuto, koma tulo sitikubwera.

Paja kafukufuku wanga ndi wa timabuku takale ta ku England, tomwe Akatolika ndi Apulotesitanti ankanyozerana polimbirana mpando wachifumu. Sabata yatha ndinasindikiza tsamba lina lojambulidwa Papa ali ndi nyanga, nkuliiwala patebulo la kukhitchini. Mayi eni nyumba kuno ku Blanchardstown mu Dublin, Mkatolika weniweni, analipeza. Anangolitembenuza basi.

Ndinachita zakwathu, poti wamkulu sumupepesa wekha. Ndinatuma Bambo a kuparishi, Mmalawi mnzathu amene anandipezera chipindachi, kuti akandipepesere. Iwo atachoka, mayiwo anandiitana.

"Tikukhala nyumba imodzi, mwanawe. Wandiitanira wansembe ngati ndikumwalira?"

Chithunzicho sichinawapweteke. Chawawawa n'choti akuganiza kuti ndinakawanenera kutchalitchi. Akuti aganize kaye ngati ndikhalebe mwezi wamawa.

Achemwali, muno mu Dublin chipinda chimodzi anthu amachita kuchiimira pamzere. Ndikachoka pano ndilibe kolowera, ndipo sukulu sindingaisiyire panjira. Tsopano ndimawerengera pabedi, chitseko chili chotseka, khutu lili ku mapazi a mayi eni nyumbawo pamasitepe. Anthu amene ndikuwaphunzirawa ankabisa mabuku awo kudenga. Ine anga ali kunsi kwa matiresi.

Amayi athu musawauze, angadwale nazo. Mundipempherere, ndipo mundilangize mawu oyambira, chifukwa ulendo uno ndiyenera kukagogoda ndekha.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Mphatso