Atate Anathira D Kompaundi M'thanki ya Makorali

Aphungu,

Pepani, nkhani yanga si ya chibwenzi kapena ya banja ngati zimene ndimawerenga patsamba lanu. Ndi ya nsomba. Kunena zoona ndi ya makorali, koma ndikayamba ndi mawu amenewo anthu amandiyang'ana ngati ndalankhula Chipwitikizi. Ndine mtsikana wa zaka 16, ndili giredi 11 kuno ku Katete. Pakamwa ndine wolephera, wamkulu akandifunsa kanthu ndimangoyang'ana zala zakumapazi. Koma chaka chino aphunzitsi athu anandiuza kuti ndimalemba zomveka, ndiye ndalimba mtima.

Ndimakhala kwa amalume anga a Boniface, chifukwa kwathu cha ku Mkaika sukulu ili patali. Amalume amayendetsa thiraki, amadzera pa boda ya Chanida kupita ku doko la Beira. Kumeneko ndiye anakaona nyanja ya mchere, ndipo anabwerako thupi lokha, mtima unatsala komweko. Anzawo akagula ng'ombe, iwo anagula thanki ya galasi ya malita 200 n'kuiika pabalaza pamalo a TV. Muli madzi amchere, miyala, tinsomba tiwiri ta mizere yoyera, ndi makorali amene anakagula ku Lusaka ali tizidutswa ngati chala. Sola ili padenga si ya anthufe ayi. Magetsi akazima ife timayatsa kandulo, nsomba zili pa mbee.

Korali amaoneka ngati kachitsamba komera pamwala, koma amalume amati ndi kanyama. Alipo mmodzi wa nthambinthambi amene amamukonda kuposa onse, mpaka amamuyeza ndi rula. Ponyamuka ulendo uno, wa milungu sikisi, anandiloza iyeyo n'kunena kuti, "Ukandisungira bwino uyu, holide ya Disembala ukwera nane kutsogolo, ukaone wekha kumene anachokera." Aphungu, ine madzi aakulu amene ndinawaonapo ndi a mudamu basi.

Milungu iwiri yoyamba zonse zinayenda. Kenako atate anabwera kuchokera kumudzi kudzatenga feteleza wawo, ndipo anagona kwathu masiku awiri podikira ngolo. Anaima pathanki paja nthawi yaitali, manja kumbuyo, monga amaimira m'munda.

"Alamu angawa msewu amaudziwa, koma ulimi ayi," anatero. "Chomera chanji chaka chathunthu kungokula kachala kamodzi? Chili ndi njala ichi."

Ndinayankha kuti, "Si chomera, atate," koma ndinalankhulira pansi moti ngakhale ine mwini sindinadzimve.

Mawa lake pobwera kusukulu ndinawapeza akumwetulira. "Ndawathandiza amalume ako, mwanawe. Ndatsinako D Kompaundi pang'ono chabe, sanafike ndi kota ya chitsekerero cha botolo. Ndamukwirira mumchenga patali ndi tsinde kuti chisapse." Ananena monyadira, malaya atanyowa mpaka paphewa. Ine ndinangoti, "Zikomo atate." Chimenechi ndicho chimandiwawa mpaka lero.

Patapita masiku asanu ndere zinabuka. Pagalasi, pamiyala, paliponse biriwiri, zina zazitali ngati tsitsi. Nditawauza atate pafoni anati, "Kwabiriwira? Ndiye kuti wagwira." Ndinatenga timabotolo ta amalume toyezera fosifeti, mchere uja wa m'feteleza umene ndere zimaukonda. Umadontheza mankhwala m'madzi, akachita buluu kwambiri ndiye kuti fosifeti wachuluka. Amalume analemba papepala kukhoma kuti azikhala cha pa 0.05. Anga anada kuposa mtundu womaliza wa pakhadi.

Apa ndiye pamene ndinalakwira ine. M'kabati muli chitini cholembedwa GFO, muli timibulu tofiira ngati dzimbiri timene timayamwa fosifeti m'madzi. Amalume amaika masupuni awiri m'kathumba ka neti, n'kukaika kuseri kumene pampu imadutsitsa madzi. Ine ndinaganiza kuti, ngati matenda akula, mankhwala achuluke. Kathumba kanachepa, ndiye ndinakhuthulira chitini chonse m'sokosi yanga ya sukulu, n'kumanga, n'kuponyamo. Timibuluto kutsuka sindinatsuke. Madzi anafiira ngati kamtsinje tsiku la mvula yoyamba, tinsomba tikungooneka ngati mizukwa. Kutacha anayera. Patapita masiku atatu ndinayeza, buluu kunalibe ndi pang'ono pomwe, ziro weniweni. Ndere zinayamba kufota. Ndinavina ndekha pabalaza, zoona.

Koma manje korali wa amalume uja wasintha. Timanja take timene amatulutsa tabisala, ndipo nsonga zake zatuwa ngati phulusa. Nsomba zili bwino, zikudya ngati sizikudziwa kanthu. Amalume amaimba Lamulungu lililonse, ndipo kawiri konse ndawayankha kuti, "Zonse zili bwino." Atsala ndi milungu iwiri kuti afike.

Atate akuti ngati fosifeti watha ndibwezeremo kambulu kamodzi ka D Kompaundi, anasiya wotsala m'kapepala pawindo. Akutinso madzi amene ndimachotsa m'thanki mlungu uliwonse ndisamataye. "Muli feteleza wanga mmenemo. Ndibwera ndi zigubu Loweruka, ndikathirire nazale ya matimati."

Ndithandizeni, Aphungu. Sokosi ija ndiichotse kapena ikhale? Kambulu kaja ndiike? Nanga amalume ndiwauze chiyani? Ndikanena za atate, ndawachititsa manyazi kwa alamu awo, pomwe iwo anafuna kuthandiza. Ndikabisa, mlandu wonse ndi wanga. Korali akafa, nyanja ndidzangoiona pa mapu.

T.B., Katete

T.B. mwanangu,

Aphunzitsi ako sanakunamize, umalembadi zomveka. Ndaseka mpaka anzanga muofesi muno abwera kudzaona, koma ndaonanso kuti korali sangadikire tsiku lotuluka nyuzipepala. N'chifukwa chake ndakutumizira kale mawu oyamba pafoni. Apa ndikulemba zonse. Ine ndinazolowera milandu ya apongozi, choncho ndinakafunsa mayi wina amene wasunga thanki yotere zaka zambiri, ndipo zimene ndikukuuzazi tagwirizana awiri.

Sokosi ichoke lero. Chifukwa choyamba, sokosi yochapidwa imasunga sopo, ndipo sopo ndi poizoni m'thanki. Chachiwiri, GFO wachita kale ntchito yopitirira. Korali ndi kanyamadi, koma m'thupi mwake mumakhala tindere tating'onoting'ono timene timamudyetsa ndi kumupatsa mtundu. Tindere timeneti timafuna fosifeti pang'ono. Iwe wamuchotsa paphwando n'kumuika pa njala m'masiku atatu. Chimene chamutuwitsa kwambiri ndi liwiro limenelo.

Kambulu ka D Kompaundi usaike. Kapepala kali pawindoko kabwerere kumunda. Miyala ndi mchenga zinamwa fosifeti wambiri masiku aja, ndipo ziyamba kumubweza zokha ukangochotsa sokosi. Nsomba nazo zimathira manyowa tsiku lililonse. Uzizidyetsa monga mwa kale, osachepetsa, osawonjezera.

Uziyeza masiku awiri aliwonse n'kulemba m'kope, tsiku ndi nambala. Pakati pa 0.03 ndi 0.1 ndi pabwino, usagwire kanthu. Ikapitirira pamenepo, ndipo ipitirira ndithu, pakufunika GFO watsopano, poti wa m'sokosi uja usamudalirenso. Uyambe ndi supuni imodzi yokha, theka la muyeso wa amalume. Uike m'kathumba ka neti kaja, utsuke ndi madzi osefa amene mumasungunulira mchere mpaka kufiira kuthe, kenako uike podutsa madzi. Usamufinye kapena kumutikita, amasanduka fumbi. Nambala izitsika pang'onopang'ono, pa milungu. Ikayambanso kukwera ndiye kuti timibulu takhuta, usinthe ndi tina. Ngati amalume ali ndi choyezera cholembedwa KH, yezanso nacho, chifukwa GFO wambiri amatsitsa KH, uwauze nambala yake.

Ndere uzizule ndi manja, ndiwe mwana wa mlimi, kupalira ukudziwa. Madzi uzisintha ndowa imodzi pa mlungu monga umachitira, a pamjigo asalowemo. Nyale ya pathanki usasinthe, korali usamusunthe. Umuyang'ane pafupi. Ngati pamalo potuwapo pakadali kakhungu, ali moyo, ndipo mtundu ukhoza kubwerera, ngakhale zimatenga milungu kapena miyezi. Ngati patsala fupa loyera lokhalokha, nsonga imeneyo yapita, koma nthambi zina zikhoza kupulumuka. Amalume akafika adzamupeza asanachire bwinobwino. Zimenezo uzidziwiretu.

Ndiye chifukwa chake uwauze lero, osadikira Lamulungu. Chitini chatha, ndipo ndi iwo amene akudziwa kogula china ndi wokutumizira pa basi. Komanso munthu amene amayeza korali ndi rula adzaona yekha akangolowa pakhomo. Pakamwa ukuti umalephera, chabwino, lemba. Uwatumizire uthenga monga wandilembera inemu, ndi chithunzi cha korali ndi cha kope lako. Uyambe ndi zako: sokosi, chitini, ndi "zonse zili bwino" ziwiri zija. Ukatero za atate zidzalowa mosavuta, ndipo usaiwale kunena kuti anakwirira patali ndi tsinde. Mlamu amene angamve zimenezo osaseka ndiye kuti alibe mano.

Atate ako usawaope, ndipo usawanyoze. Theka la nkhani analondola, korali amafunadi fosifeti. Uwafunse kuti chimanga cha masamba awiri chimatani ukachithira dzanja lonse la feteleza. Adzakuyankha okha, ndipo adzamva. Kenako uwauze kuti alamu awo akudziwa kale, kuti akakumana aziseka limodzi. Iwe ndi atate ako mwalakwa mofanana: iwo anathira osayeza, iwe unachotsa osayeza. Magazi ndi amodzi.

Pali kamodzi kamene ndikufuna ukonze mwa iwe. Unadziwa kuti si chomera, unanena, koma unanenera m'khosi. Ulemu suletsa kubwereza mawu kachiwiri mokweza pang'ono. Za Beira sindingakulonjeze, thiraki si yanga. Koma ndikanakhala ine amalume ako, mpando wakutsogolo ndikanapatsa mwana wobwera ndi kope la manambala oona, ngakhale korali atatuwa nsonga.

Mayeso ako oyamba ndi Loweruka lomweli. Atate ako akubwera ndi zigubu, ndipo madzi amenewo ndi a mchere wa m'nyanja. Akathirira nazale, matimati onse adzagona pofika Lolemba, ndipo nthaka ya pamenepo idzakana mbewu kwa nthawi. Ukaime pakhomo, uwayang'ane kumaso, unene kuti, "Atate, madziwa apsereza matimati anu." Akapanda kumva, uwapatse alaweko kadontho.

Phungu wako