Mlandu wa Nsapato Zothina

Asuweni,

Moni ndikupatsani, koma wapakamwa chabe, poti ndine munthu wolakwiridwa. Dandaulo langa ndi nsapato zimene munanditumizira chaka chatha. Munthu wa madigiri awiri ngati ine, kundiveka zothina chonchi? Ulemu uli kuti?

Chaka chonse ndakhala ndikuzitukwana chifukwa cha kabanga kakuda pansi pa phazi lakumanja, kamene kankangokulirakulira mpaka kudetsa sokosi ndi magazi. Mlamu wanu atatopa n'kuchapa, anandikokera kuchipatala. Adokotala anadulapo kachidutswa n'kukapima. Dzulo anandikhazika pampando, natseka chitseko, nanena kuti nsapato zanu zilibe mlandu. Akuti ndi khansa ya pakhungu, ndipo ndikanabwera msanga akanangodula pang'ono. Ana sitinawauze.

Ine sindikuvomereza chigamulo chimenecho. Zikanakhala zondikwana ndikanasowa chonamizira, ndikanapita kale kuchipatala.

Monga chipepeso, mukwere basi mudzakhale ndi mlamu wanu pakhonde la chipatala Lachinayi, tsiku la opaleshoni yanga, poti amalira akakhala yekha. Mubwerenso ndi nsapato ina yondikwana bwino. Imodzi yokha, yakumanzere, ikwanira.

Ndine msuweni wanu, wokwiyabe.