Lumo Lalowa m'Kabati

Lolemba, 4 Ogasiti

Ndatsegulanso shopu yanga yometera, patatha miyezi iwiri ndili chigonere. Fumbi pagalasi, fumbi pampando. Dzanja lamanja likunjenjemerabe. Adokotala anati ndingozolowera, silidzasiya. Azolowere bwanji munthu amene wagwira lumo zaka makumi atatu? Tsiku lonse palibe walowa. Ndasesa kawiri, pansi popanda ndi tsitsi lomwe.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Makasitomala anga onse ali kutsidya kwa msewu, kwa wometa uja wa nyimbo zaphokoso. Moni amandipatsira patali, mitu ili see. Sindikuwakwiyira. Bodza, ndikuwakwiyira pang'ono.

Atsala ndi Aphunzitsi okha. Lachisanu lililonse ndevu, ndipo ndi lumo basi, makina amati amawatulutsa tiziphuphu. Atumiza uthenga kuti sabata ino abwera. Za dzanjali sindinawauze.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Mabaluni khumi. Ndi mmene anandiphunzitsira malemu abwana anga: kupaka thovu, kumeta osaphulitsa. Ndi lamanja, anayi phuu. Ndi lamanzere, atatu. Mayi osoka zovala a khomo linalo anasuzumira, akuti amayesa kuli phwando. Ndinaseka nawo. Atachoka misozi yokha. Akanakhala moyo mayi a ana anga, bwenzi akundiseka mpaka ine nditapsa mtima. Ndikusowa ngakhale zimenezo.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ndayesera pa ine mwini ndi lamanzere. Mabala awiri pachibwano. Khosi la Aphunzitsi ndi lamakwinya, mtsempha uli poyera.

Mwana wanga pafoni: "Bambo, tsekani shopuyo, mudzakhale kuno." Ndizikangokhala pakhonde ngati mpando wothyoka?

Ndikangoti chete, Aphunzitsi ndiwacheka. Ndikawauza, nawonso awoloka msewu, Lachisanu lifanane ndi masiku enawa. Pasabata yonse munthu amene ndimacheza naye ndi yekhayu. Ndili ndi mantha.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Lumo ndinalinola, ndinaliyang'ana, kenako ndinalitsekera m'kabati. Mawu ndinawakonzeratu: pepani, sindingathenso.

Aphunzitsi anafika nthawi yawo yomweija, ndevu atameta kale okha kunyumba. Moipa zedi. Timapepala titatu tomata pamabala, pansi pa mphuno patatsala kachitsamba. Anakhala pampando, nsalu anadzifunditsa okha. Kuti za dzanjali anamva kwa yani sindinafunse.

"Lero mungondipesa, amisiri."

Munthu wadazi, tsitsi lake ukhoza kuliwerenga. Ndinawapesa ola lathunthu, chipeso chikuvina m'dzanja, iwo akungolongosola za mpira ngati sakuona. Potuluka anati Lachisanu abweranso, ndisachoke.

Mawa mabaluni ena khumi, lamanzere lokhalokha. Pansi pa mphuno paja sindingalole kuti aziyenda napo choncho, anthu akudziwa kuti amameta kwa ine.