Pallavi Sakwatiwa ndi Malume Ake

Hubballi,
14 Ogasiti 2019

Okondedwa Amayi,

Uthenga wanu wafika, wakuti mwezi wamawa mukubwera ndi kokonati, nthochi ndi nsalu ya sari kudzatomera mwana wanga Pallavi kuti akwatiwe ndi mlongo wanga Mahantesh. Mwati munda usatuluke m'banja. Musavutike kukwera basi, sindidzakutsegulirani.

Za mdzukulu wanu Shivu simunafunse, ndiye ndikuuzani ndekha. Sabata yatha tinali naye ku Bengaluru. Anamumatanso timawaya m'mutu monga amachitira chaka chilichonse, kuti makina ajambule mafunde a mu ubongo wake. Adokotala anayala mapepala onse patebulo. Pa loyamba, la chaka chimene anayamba kudzidzimuka manja n'kumataya tiyi, mizere inali yaing'ono ndi yothinana bwino, kupatula minga ya apo ndi apo. Pa la chaka chino mizere yafutukuka, ikuyenda mwaulesi, ndipo akangomuthwanimitsira getsi m'maso, pepala lonse limadzaza minga.

"Mankhwala aja sakugwira?" ndinafunsa.

"Amachepetsa kugwa, mayi, koma mafundewa sabwereranso mwakale," anatero adokotala. "Khunyu la mtundu uwu ndi losowa. Mwana amadwala pokhapokha atatengera mbewu yake kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Kodi inu ndi amuna anu ndinu pachibale?"

Bambo a Shivu anali pambali panga. Ndinayankha ndine: "Awa ndi amalume anga, mlongo wawo wa mayi anga."

Munandipereka kwa mlongo wanu ndili mwana, mukuti kwa achibale sindikazunzika. Zoona, sanandimenyepo, ndi munthu wabwino. Koma mnyamata amene ankathamangitsa njinga mpaka kumsika lero ndimamudyetsa ngati khanda, chapati ndimachita kumunyowetsera mu mkaka. Mutabwera pa chikondwerero cha Ugadi munamupaka phulusa la kukachisi pachipumi, n'kuuza anansi kuti ndine ndinalakwira milungu. Mawu amenewo sindinawaiwale, ndipo ndikali nawo mkwiyo.

Mahantesh anaimba foni dzulo. "Akka, achemwali anga, madokotala a m'tauni amangoopseza anthu. Agogo athu onse ankakwatirana chomwechi, anafa ndani?"

"Ukafunse Amayi za mng'ono wawo Ningamma," ndinatero, "amene ankamutsekera m'chipinda cha mapira alendo akabwera."

Anadula foni. Inunso ndikudziwa mudzati Ningamma anagwidwa ndi mizimu. Nenani zimenezo kumudziko, kuno ayi. Munda wanuwo mupatseni Mahantesh wonse, akapeze mkazi kutali, kwa anthu amene sitinadyepo nawo mbale imodzi. Adokotala akufuna kumuyezanso Pallavi, poti naye magazi ndi omwewo, koma ndawauza kuti mwana wanga ali bwinobwino, ayambe walemba mayeso.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi onse apakhomo. Bambo a Shivu akuti moni, achemwali awo. Shivu sakutha kutchula mawu bwino masiku ano, ndiye moni wake sindikunamizani. Pallavi amafuna kulemba wake yekha pansipa, koma dzanja lamudumpha kawiri, cholembera n'kugwa pansi. Wandiyang'ana, ine ndamuuza kuti ndi kutopa ndi kuwerenga.

Ndine mwana wanu,
Girija