Njinga ya Bambo Isapite kwa Wazitsulo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi, alamu ndi ana. Kodi bondo la amayi lija linasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira sabata yatha koma chinachoka chokha, mwina chitaona kuti m'chipinda muno mulibe wondimvera chisoni.

Ndikudziwa chimene chikukusowetsani mtendere. Munamva kuti ndinagula njinga ndipo ndikumapalasa pakati pa magalimoto a m'tauni. M'kalata yanu munandifunsa ngati maliro amodzi sanatikwane. Funso limenelo ndaliwerenga kambirimbiri. Munanenanso kuti wogula zitsulo zakutha abwera kumapeto kwa mwezi kudzatenga njinga ya malemu bambo, ija yakhala ikulendewera pamtanda wa denga la khitchini zaka zitatu tsopano. Chonde, asanabwere mundilole ndifotokoze. Mukundidziwa kale kuti ndikayamba kufotokoza sindiona dzuwa, ndiye khalani pansi.

Ntchito imene anandipatsa ku khonsolo chaka chino ndi yojambula mapu a njira za njinga. Tebulo langa lili pakona, pafupi ndi zenera losatseguka, ndipo anzanga timangopatsana moni wa m'mawa basi. Njira zimenezi si msewu umodzi ayi. Taganizirani tsamba la mtengo. Pakati pali mtsempha waukulu, ndiye timitsempha tina timachoka pamenepo kupita mbali zonse. Cholinga n'chakuti munthu achoke pakhomo pake akafike kuchipatala, kumsika kapena kusukulu osalimbirana msewu ndi lole. Njira yothera m'malere ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo, chifukwa imamunyengerera munthu kenako n'kukamutaya pakati pa magalimoto.

Ndalama zake zikuchokera ku thumba lina lothandiza matauni pa nkhani za mayendedwe. Eni thumbalo ali ndi malamulo awo. Khonsolo nayo iyenera kuikapo kake, ndipo yathuyi inalonjeza miyala, mchenga ndi anthu ogwira ntchito. Iyeneranso kusonyeza kuti okwera njinga alipodi, komanso kumaliza gawo loyamba mvula ya chaka chamawa isanayambe. Ntchito yonse tinaigawa m'magawo asanu, koma ndalama zimene zilipo panopa n'zokwanira gawo limodzi lokha. Likayenda bwino, zina zidzabwera. Likapanda kuyenda, thumba limangidwa kukamwa. Ndiye funso linali lakuti tiyambire pati.

Mkulu wathu ndi injiniya amene tonse timawatchula kuti a Rula, chifukwa kwa iwo njira yabwino ndi yowongoka basi. Si munthu woipa. Anatuma anthu awiri kukawerenga njinga pamsewu waukulu wa masitolo, kuyambira eyiti koloko m'mawa mpaka folo koloko madzulo, nthawi imene ofesi imagwira ntchito. Anabwerako ndi chiwerengero chochititsa manyazi. A khansala a dera lapakati atachiona anati tauni ino ilibe okwera njinga, bola tingomanga kanjira kokongola kutsogolo kwa ofesi yathu, pamene pali maluwa paja, kuti alendo akabwera aziona. A Rula anatulutsa rula yawo.

Ine ndinangobwerera patebulo langa. Koma Lamlungu kuno limatalika, Achemwali. Ndikachapa n'kusita ndimangotsala ndi wailesi ya aneba kuseri kwa khoma, ndipo ndimaseka nawo nthabwala zimene sindinazimve bwino. N'chifukwa chake ndinagula njinga yakale ija, si kusamva ayi. Eni nyumba salola kuti izikhala pakhonde, ndiye imagona m'chipinda momwemu, pakati pa bedi ndi chitseko. Ndivomere kuti masiku ena ndimaipatsa moni ndikaweruka.

Lamlungu lina mvula itangokata ndinasochera kuseri kwa mashedi a matabwa, kumene mapu athu amati kulibe njira. Ndinatsika. Pansi ponse panali mapazi a matayala, olukanalukana ngati chingwe.

Mukukumbukira mmene bambo ankachitira akamandiperekeza kusukulu, ine nditakhala pakaliyala pakati pa ndowa zawo zokagulitsa? Ankaima dala n'kundiuza kuti ndiwerenge pansi. Tayala lakumbuyo likamira kwambiri, munthuyo anali ndi katundu. Mzere ukamagwedera, anali wotopa kapena anali atalawako. Ankati nthaka sinama. Tsiku limenelo ndinawerenga monga anandiphunzitsira. Ndinatsatira mizereyo mpaka pamlatho wopapatiza, pamene kanjirako kamalowa mumsewu wa malole. Pamenepo mapazi a matayala anasakanikirana ndi a nsapato. Anthu amatsika n'kuyamba kukankha. Munthu satsika njinga pachabe pamalo opanda chitunda. Amatsika pamene akuopa.

Lolemba ndinalawirira ndi kabuku kanga, kunja kukungoyera kumene. Njinga zinkabwera ngati linthumbu. Alonda oweruka, ophika buledi, osesa m'maofesi, amayi a kumsika ndi madengu awo. Mayi wina wochapa zovala kuchipatala anaima patsogolo panga. Anzawo amawatchula kuti Mayi Belu chifukwa saleka kuliza belu ngakhale kutsogolo kulibe munthu. Anandifunsa ngati ndine wapolisi kapena wamsonkho, kuti adziwiretu kothawira. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsamira chishalo. Anati achimwene a kabuku inu, mabwana anuwo aziwerenga bwanji anthu amene amadutsa iwo akadatembenuka m'bulangete? Anati popita kuntchito amapeza ofesi isanatsegulidwe, pobwerera amapeza yatsekedwa, ndiye kwa khonsolo iwo ndi mizukwa yopalasa njinga.

Anandionetsanso mmene amachitira pamlathopo. Amadikirana mpaka akwane khumi kapena kuposa, kenako amawoloka pamodzi, chifukwa dalaivala wa lole amaona gulu koma munthu mmodzi samuona. Anati chaka chatha mlonda wina anali pachangu, sanadikire anzake. Sanafike tsidya.

Ndinapita ndi zithunzi za matope aja kwa a Rula. Anaziyang'ana nthawi yaitali n'kundiuza kuti eni ndalama satumiziridwa matope, amafuna manambala. Ananena zoona. Ndinawapempha kuti tiwerengenso kwa sabata imodzi, kuyambira faifi koloko m'mawa, komanso madzulo anthu akaweruka. Owerenga aja anandikwiyira kwambiri. Mmodzi anati mlendo wabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma akumeta nako tulo ta anzake. Sabata itatha, njinga za pamlatho zinaposa za pamsewu wa masitolo kasanu ndi kawiri.

Vuto silinathere pomwepo. Kumanga kamlatho ka njinga pambali pa waukuluwo kudya pafupifupi ndalama zonse za gawo loyamba. Ndalama zomwezo kutsogolo kwa ofesi zikanayala phula mtunda wautali, wooneka bwino pachithunzi. A khansala anafunsa kuti ndani angavale suti kukadula riboni kuseri kwa mashedi, pakamtunda koti mwana n'kuponya mwala n'kufika tsidya. Ine ndinayankha kuti tcheni cha njinga chimaduka pamfundo imodzi, ndipo ikaduka imodziyo zina zonse zolimbazo sizikufikitsa kulikonse. Anagwirizana zoti amve kaye maganizo a anthu, n'kuika msonkhano Lachitatu teni koloko m'mawa. Mwaona? Cholakwa chomwe chija, changosintha malaya. Koma ulendo uno a Rula anachiona okha. Anaika rula pansi n'kunena kuti msonkhano ukhale Lamlungu masana.

Achemwali, ndikanakonda mukanaona. Ofesi yokonza njira za njinga inapezeka kuti ilibe poimika njinga. Zinatsamira khoma lonse, zina mpaka m'maluwa muja, mlonda wa pageti atangogwira kumutu. Mayi Belu anaimirira n'kunena kuti nawonso maluwa amawakonda, koma safuna oti anthu adzawaikire pamanda. Lachisanu lapitali komiti inavomereza kuti gawo loyamba likhale kamlathoko pamodzi ndi njira ya kuseri kwa mashedi, ndipo eni thumba alola.

Tsiku limenelo ndinafika m'chipinda changa ndi nkhani yabwino koma wopanda woti ndimuuze. Ndinatereka madzi a tiyi n'kukhala pabedi. Kunja kunadutsa munthu ndi zitini zikugundana panjinga yake, ndipo ndinaimirira ndisanaganize n'komwe, monga tinkachitira tikamva ndowa za bambo zikulira kumtunda kwa msewu. Ndinaima pazenera mpaka madzi anaphwera m'ketulo.

Tsopano ndifike pa nkhani yathu. Zaka zitatu zonsezi tonse takhala tikuikwiyira njinga ya bambo ija ngati ndiyo inalakwa. Koma inu mukudziwa pamene ngozi yawo inachitikira. Ndi pakalavati paja, pafupi ndi chigayo, pamene msewu umapanikizika ndipo m'mphepete mulibe pothawira. Bambo anapalasa zaka makumi atatu ndi ndowa zawo osagwa ndi tsiku limodzi lomwe. Chimene chinawasowa tsiku limenelo ndi kamalo kokwana mkono umodzi pambali pa phula. Ndikamajambula mizere yanga kuno, ndimakhala ndikujambula mkono umenewo.

Pempho langa ndi limodzi. Musaipereke kaye. Alamu aitsitse, gudumu lakutsogolo lija akaliwongoletse kwa wokonza njinga wa pamsika, aike machubu atsopano ndi mafuta patcheni. Kenako Loweruka lina m'mawa, msewu ukakhala wabata, muikwere. Sindikunena kuti mukadutse pakalavati. Mukafika pamene mtima wakana, tsikani. Koma mukatsika muyang'ane pansi, muone ngati pali nsapato za ena amene anatsikanso pomwepo. Malo onse oterowo mundilembere, ngakhale kuseri kwa pepala lakale la ana. Ine ndidzawajambula bwinobwino pamapu oti komiti ya chitukuko ya kwathuko isawakane, popeza tsopano ndikudziwa zimene eni ndalama amafunsa. Mukakwera kamodzi n'kuona kuti simungathe, iperekeni, sindidzanenanso kanthu.

Pajatu ndinu amene munandiphunzitsa kupalasa, pabwalo la mpira la kusukulu. Munkathamanga pambuyo panga mutagwira chishalo, mukukuwa kuti Kamafunso iwe, siya kufunsa, palasa! Ndinazindikira nditafika pagolo kuti munali mutasiya kalekale, mwaima pakati pa bwalo mukuseka. Ine ndili kutali, sindingathe kukugwirirani chishalo. Koma miyendo siiwala, Achemwali. Tangoyesani.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya mokwanira ngakhale ndikudziwa kuti sakhulupirira. Moni kwa alamu, atsibweni, azakhali ndi ana onse, makamaka wachisamba wanu amene ndamva kuti wandiposa kale msinkhu. Wazitsulo uja akabwera, mumupatse mbaula yobooka ija kuti asabwerere chimanjamanja.

Ndine mlongo wanu wokusowani tsiku ndi tsiku,

Kamafunso