Za Magetsi Othima Madzulo ndi Pempho Losamutsa Mayi wa Saluni

Komiti ya Alendi a Mdadada wa Nyumba Khumi ndi Ziwiri
Tsiku: Loweruka, 9 Ogasiti, 3 koloko masana
Malo: Pansi pa masitepe, pafupi ndi bokosi la mamita
Opezeka: Wapampando, Mlembi, Telala, Aphunzitsi Opuma, Mayi wa Saluni, Injiniya wa kampani ya magetsi (mlendo)
Osapezeka: Dalaivala (anatuma akazi awo, akazi awowo anatumiza moni)

1. Wapampando anati magetsi akuthima madzulo aliwonse chifukwa cha makina oumitsira tsitsi, choncho Mayi wa Saluni asamuke mwezi ukatha. Mayiwo anati saluniyo ndiyo ikulera ana awo atatu. Wapampando anati komiti siyang'ana nkhope: aliyense wothimitsa magetsi asamuke. Analamula kuti Mlembi adule mzere kunsi kwa "aliyense". Mlembi anadula.

2. Injiniya anafotokoza kuti mamita atsopano amauza okha kampani, theka la ola lililonse, kuchuluka kwa magetsi amene nyumba ikukoka. Kampani imazindikira chingwe cholemedwa chisanapse, kasitomala naye amaona zake pafoni. Aphunzitsi Opuma anafunsa ngati mita imamvanso miseche. Injiniya anati, "Ayi bambo, imeneyo tinasiyira komiti."

3. Mamembala anagwirizana zoonetsana mafoni. Kunapezeka kuti saluni imatseka 5 koloko, pomwe magetsi amathima 6 koloko. Foni ya Wapampando inatha moto mwadzidzidzi. Telala anabwereketsa tchaja. Pafonipo, mzere woonetsa magetsi a nyumba ya Wapampando unaoneka ukudumpha 6 koloko ngati munthu woponda khala la moto. Wapampando anati ndi ketulo. Injiniya anati ketulo yotero ikhoza kuwiritsa damu. Apa akazi a Wapampando anafuula pawindo: "Auzeni anzanuwo za mahita anayi otenthetsera anapiye anu aja! Ine ndatopa kusita mumdima!" Mayiwa si membala, koma msewu wonse unamva.

4. Mayi wa Saluni anati kwa Wapampando, "Achimwene, ndi anapiye mazana awiri, nyumba ina ya lendi mukaipeza kuti? Khalani." Anapempha kuti mfundo yosamutsa munthu ithetsedwe. Injiniya analangiza kuti mahita aziyatsidwa awiri okha mpaka anthu atamaliza kuphika. Onse anavomereza. Wapampando anakweza manja onse awiri. Mlembi anawerenga dzanja limodzi lokha.

5. Zina ndi zina: Wapampando anapempha kuti mfundo yachitatu isalembedwe. Pempho lawo lalembedwa.

Tidzakumananso pa 13 Seputembala, pansi pa masitepe pomwepa. Msonkhano unatha 4:20.

Wapampando: ______________
Mlembi: ______________