Ndatchula tsiku m'pemphero

Lamulungu madzulo. Mtima suli m'malo.

Anthu kutchalitchi: 31. Ojambula pafoni: 4.

Popempherera apaulendo ndinaimirira, monga timachitira kwathu, n'kutchula akamwini anga a Mbewe, oyendetsa ndege zankhondo, dziko limene ali ndi tsiku lobwerera.

M'galimoto pobwerera kunyumba ku Springfield, kuno kudziko la eni, mwana wanga Tamanda, yemwe ndi woyembekezera, anaphulika. "Amayi, tsikulo sitinena pagulu! Akuluakulu awo akamva, ulendo amausintha. Mukufuna ndichire iwo kulibe?"

Ndaimbira ojambula onse anayi. Atatu afufuta. Mayi Phiri akuti anatumiza kale kugulu la amayi kuti pemphero lifike patali.

Tamanda wadzitsekera kuchipinda. Amuna ake aimba foni mawa, ndipo sindikudziwa awauze ndani.

Amayi a m'gululo oti ndiwaimbire: 58. Ndafika pa 9.

E. Nachisale